Mkangano wa Pakhomo Umafika M'magazi

Mabanja 42 anavomera kuchita chinthu chimene anthu ambiri sangachilole: kukagona kuchipatala asakudwala, kupereka mkono kuti anamwino awatulutse timatuza, kenaka n'kukhala pansi kukambirana nkhani yowayambanitsa, makamera akujambula. Izi zinachitikira ku Ohio State University m'dziko la America. Ankatsogolera ntchitoyi ndi Janice Kiecolt-Glaser, katswiri wa za maganizo, pamodzi ndi mwamuna wake Ronald Glaser, katswiri wa chitetezo cha m'thupi. Banja lililonse linapita kawiri, ndipo ulendo uliwonse linkakhalako usana ndi usiku. Pa ulendo woyamba, mwamuna ndi mkazi anapemphedwa kuti acheze molimbikitsana. Pa ulendo wachiwiri anapatsidwa theka la ola kuti akambirane nkhani imene imawavuta kunyumba.

Zotsatira zinatuluka mu 2005. Tizilonda ta pa ulendo wa mkangano tinachedwa kupola ndi tsiku limodzi poyerekeza ndi ta ulendo woyamba. Mabanja amene ankalankhulana monyozana ndi mopeputsana pa maulendo onse awiri ndiwo anaonekera kwambiri: liwiro limene zilonda zawo zinkapolera linali 60 peresenti chabe ya liwiro la anzawo, ndipo kutacha, magazi awo anapezeka ndi zinthu zambiri zoyambitsa kutupa m'thupi.

Kumeneko kunali kukangana kwa theka la ola basi. Nanga nyumba imene anthu atha chaka chathunthu akuyankhana mokalipa, kapena osayankhana n'komwe?

Anthu akamva za kupsinjika maganizo, ambiri amathamangira ku umphawi, matenda kapena kuchuluka kwa ntchito, ndipo sakulakwa. Koma amene ntchito yawo ndi kumvetsera ovutika, kaya ndi dokotala, m'busa, shehe kapena nkhoswe, amadziwa kuti nkhani ikafika pakatikati pamatulukira munthu. Mwina ndi mwamuna amene wasiya kudya pakhomo, mlamu amene akufalitsa nkhani kuchitsime, bwana amene amakalipa pagulu, kapena mwana amene wayamba kusuta chamba. Ngakhale nkhawa ya ndalama siyenda yokha. Pamakhala wina amene akuyembekezera ndalamayo, ndi wina amene akubwera kudzailonjerera.

Thupi silisiyanitsa njoka ndi mnyozo

Thupi la munthu lili ndi njira yodzipulumutsira pangozi. Munthu akaona njoka panjira, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo timathira m'magazi mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda mofulumira, magazi amathamangira ku minofu, shuga amachuluka kuti munthu apeze mphamvu zothawira kapena zolimbanirana ndi choopsacho. Ntchito zimene zingathe kudikira, monga kugaya chakudya ndi kukonza zilonda, zimayamba zaima. Walter Cannon wa ku Harvard anafotokoza zimenezi cha mu 1915. Kenaka mu 1936 Hans Selye, akugwira ntchito mumzinda wa Montreal ku Canada, anasonyeza mbali yoipa ya nkhaniyi: makoswe amene ankasautsidwa nthawi yaitali ankatuluka zilonda m'mimba, tiziwalo ta pa impso tija tinkakula, ndipo ziwalo zoteteza thupi ku matenda zinkafota.

Vuto lagona pa kutalika kwa nthawi. Njoka imalowa m'tchire, mtima n'kukhala m'malo. Koma munthu wovuta wa pakhomo kapena wa kuntchito sapita kulikonse. Mawa alipo, mkuja alipo, ndipo usiku amabweranso m'maganizo, chifukwa munthu amatha kukhala pamphasa n'kumabwereza mawu amene ananenedwa sabata yatha, thupi n'kumayankha ngati akunenedwa panopa.

Robert Sapolsky wa ku Stanford anaona zofanana ndi zimenezi pa anyani a m'tchire la ku Kenya, amene anayamba kuwafufuza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Anyaniwo sankavutika kwambiri kupeza chakudya, ndipo zilombo zowadya sizinali zambiri. Chimene chinkawasautsa chinali anyani anzawo. Amphongo otsika m'gulu, amene ankangothamangitsidwa ndi kulumidwa ndi amphamvu, anali ndi cortisol wokwera ngakhale pa nthawi imene kunali bata. Koma amene anali ndi anzawo otolana nawo nthata ndi kukhala nawo pafupi, cortisol wawo ankakhala wotsikirapo.

"Anthu ati chiyani?"

Si vuto lililonse limene limagwedeza thupi mofanana. Mu 2004, Sally Dickerson ndi Margaret Kemeny anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 208 wochitikira m'nyumba zoyesera, pofuna kudziwa chimene chimakweza cortisol kwambiri. Phokoso, masamu ovuta kapena kanema woopsa pazokha sizinali zamphamvu kwenikweni. Zinthu ziwiri ndizo zinaposa zonse, makamaka zikakumana: kuweruzidwa ndi anthu ena, ndi kusowa mphamvu yosinthira zimene zikuchitika.

Pa chifukwa chimenechi, njira yotchuka kwambiri yopsinjira munthu pofufuza, imene inakonzedwa ku yunivesite ya Trier ku Germany mu 1993, sigwiritsa ntchito chikwapu kapena njala. Munthu amaimitsidwa pamaso pa anthu ovala makoti oyera amene samwetulira kapena kugwedeza mutu. Amauzidwa kuti alankhule mphindi 5 ngati akupempha ntchito, kenaka awerenge chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 1,022 akuchotsa 13 nthawi iliyonse. Akaphonya, amauzidwa kuti ayambirenso. Palibe amene wamukhudza, koma mtima umathamanga, m'manja mumatuluka thukuta, ndipo malovu ake akayezedwa amapezeka ndi cortisol wochuluka.

Moyo wa tsiku ndi tsiku uli ndi mabwalo ambiri otere. Mayi amene watha zaka m'banja osaona mwana amaimirira pamaso pa oweruza nthawi iliyonse akapita kumaliro kapena kuchinkhoswe. Mnyamata amene anamaliza maphunziro ku koleji koma wabwerera kumudzi wopanda ntchito amafunsidwa ndi aliyense wokumana naye kuti, "Zikuyenda bwanji za ntchito zija?" Munthu amene akumwa ma ARV amasankha kukalandira mankhwala kuchipatala chakutali kuti oyandikana nawo asamuone. Masiku ano bwaloli lalowanso m'thumba: gulu la pa WhatsApp la abale, la mpingo kapena la kuntchito limatha kuweruza munthu pakati pa usiku, ndipo chithunzi cha pa Facebook cha mnzake wa kusukulu amene wagula galimoto chimamufunsa funso limene palibe wamufunsa.

Kusalidwa nakonso kumapweteka, ndipo si kulankhula kokuluwika. Mu 2003, Naomi Eisenberger ndi anzake ku yunivesite ya California ku Los Angeles anaika anthu m'makina ojambula ubongo n'kuwapatsa masewera oponyerana mpira pa kompyuta. Pakati pa masewerawo, osewera enawo, amene kwenikweni anali kompyuta yomweyo, anasiya kumuponyera mpira munthuyo. Mbali ya ubongo imene imagwira ntchito munthu akamamva kuwawa kwa m'thupi inayamba kugwira ntchito. Ngati kumanidwa mpira wa pa kompyuta ndi anthu osawadziwa kumafika pamenepo, mwana amene anzake a m'kalasi agwirizana zosamulankhula akusenza katundu wolemera kwambiri, ndipo mphunzitsi kapena kholo limene limati "zachibwana zimenezo" silinaione bwino nkhaniyo.

Kale mu 1967, madokotala awiri a ku Seattle, Thomas Holmes ndi Richard Rahe, anayesa kuika manambala pa zochitika 43 za m'moyo molingana ndi mmene zimagwedezera munthu. Imfa ya mwamuna kapena mkazi inapatsidwa 100. Kutha kwa banja 73, kupatukana 65, imfa ya wachibale wapafupi 63, mofanana ndi kumangidwa. Kulowa m'banja, chinthu chosangalatsa, kunapatsidwa 50, kuposa kuchotsedwa ntchito kumene kunali 47. Pamwamba pa mndandandawo panadzaza nkhani za anthu okhala nawo.

Mndandandawo uli ndi malire ake, chifukwa unachokera kwa anthu a ku America a nthawi imeneyo. Mwachitsanzo, kusamvana ndi apongozi kunapatsidwa 29 yokha. Nambala imeneyi ingakhale yoona kwa munthu amene amaonana ndi apongozi ake pa Khirisimasi pokha. Koma mkamwini amene wamanga nyumba pamudzi wa mkazi wake, akulima munda umene si wake, ndipo nkhani za ana ake zimagamulidwa ndi amalume awo, sangaivomere. Mtengwa amene mphika wake, kavalidwe kake ndi kaleredwe kake ka ana zikuyang'aniridwa ndi apongozi ndi alamu kuyambira m'mawa mpaka madzulo sangaivomerenso. Miyambo imeneyi ili ndi ubwino wake, ndipo alipo akamwini ndi atengwa ambiri amene amakhala mwamtendere mpaka kukalamba. Pamene zinthu zimaipa ndi pamene wobwerayo alibe mawu pa chilichonse, koma aliyense ali ndi mawu pa iye. Zinthu ziwiri zija, kuweruzidwa ndi kusowa mphamvu, zimakhala zakumana.

Wamasiye naye amakumana ndi zoposa nambala 100 ija. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wasonyeza kuti m'miyezi yoyambirira munthu ataferedwa mwamuna kapena mkazi, chiopsezo choti iyenso amwalire chimakwera. Tsono pamwamba pa chisoni chimenecho, amayi ena amaona abale a malemu akugawana malata, njinga ndi munda dothi la pamanda lisanaume. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 linaika kulanda katundu kotere m'gulu la milandu, koma mayi amene akufuna kuti ana ake asadane ndi abale a bambo awo nthawi zambiri amangokhala chete n'kumadyeka mumtima.

Amene amathandiza ndi yemwe amabaya

Pali chinthu china chimene ofufuza anapeza chimene poyamba chimadabwitsa. Julianne Holt-Lunstad ndi Bert Uchino, ali ku yunivesite ya Utah, anaveka anthu oposa 100 makina oyeza BP kwa masiku atatu, n'kuwapempha kuti azilemba amene akulankhula naye. BP inkakwera kwambiri osati pocheza ndi munthu amene amadana naye poyera, koma ndi munthu wa mbali ziwiri, amene lero amathandiza, mawa n'kubaya ndi mawu. Mdani wodziwika munthu amamupewa, ndipo mawu ake salowa mkati. Koma azakhali amene analipira fizi ndipo amakumbutsa zimenezo pagulu, kapena mnzake wapamtima amene amasunga chinsinsi china n'kuulula china, munthu sangawathawe ndiponso sadziwa kuti lero akumana ndi mbali iti.

Nkhani ya ndalama za pachibale imalowa pomwepa. Munthu mmodzi akapeza ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, mudzi wonse umapuma. Mwezi ukamatha foni imayamba kulira: "Achimwene, mwana wabwezedwa fizi." "Amalume, feteleza wakwera." "Kwagwa zovuta, bokosi palibe." Kuthandizana kotereku ndiko kwaphunzitsa ana ambiri ndi kupulumutsa odwala ambiri, ndipo palibe wanzeru amene angafune kuti kuthe. Koma wotumizayo nthawi zambiri alibe womufunsa kuti iye zikumuyendera bwanji. Akakana amatchedwa wodzikonda kapena amati mkazi wamudyetsa mankhwala. Akavomera amakatenga katapila. Amene ali ku South Africa opanda mapepala okwanira, akugona anthu angapo m'chipinda chimodzi, amatumiza ndalama kumudzi n'kubisa mmene akukhalira, chifukwa kubwerera chimanjamanja kumaoneka koopsa kuposa kuvutikira komweko.

Banki mkhonde yathandiza amayi ambiri kuyamba bizinesi, koma mphamvu yake ndi yomweyo imene imapweteka. Obwereketsa ndi anansi, ndi a kwaya imodzi, ndi a chitsime chimodzi. Wolephera kubweza sataya ndalama zokha. Amataya ulemu pamudzi, ndipo tsiku limene gulu labwera kudzanyamula ziwiya kapena mbuzi, ana ake amaonerera. Malipoti a apolisi ku Malawi akhala akusonyeza chaka ndi chaka kuti ambiri mwa anthu odzipha ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja ndi zifukwa zimene zimatchulidwa kawirikawiri. Mnyamata amene anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira amafika pa msinkhu wa bambo asakudziwa polowera kuti anene zoti zamukulira. Ambiri amakazitula kumowa, kumene kumagonetsa usiku umodzi n'kuwonjezera ngongole ndi mkangano wa mawa.

Kuntchito nkhani imatembenuka mosiyana ndi mmene ambiri amaganizira. Anthu amati bwana wamkulu ndiye amadwala mtima chifukwa cha maudindo. Kafukufuku wa Whitehall, amene anayamba mu 1967 pakati pa amuna pafupifupi 18,000 ogwira ntchito m'boma ku London, anapeza zosiyana. Otsika kwambiri, monga amesenjala ndi alonda a pakhomo, ankamwalira pa mlingo woposa wa akuluakulu a pamwamba pafupifupi katatu, ndipo pa sitepe iliyonse yotsika, thanzi linkatsikanso. Fodya, kunenepa ndi BP sizinafotokoze kusiyana konseko. Michael Marmot atayambitsa gawo lachiwiri la kafukufukuyu mu 1985, pa amuna ndi akazi oposa 10,000, chinthu chimodzi chinaonekera bwino: munthu amene amafunsidwa zambiri koma alibe mawu pa kagwiridwe ka ntchito yake, amene khama lake silionedwa, ndiye amadwala mtima kwambiri. Onsewa anali ndi malipiro a mwezi ndi mwezi ndiponso chipatala chaulere. Wantchito wa m'nyumba, mlonda wa usiku kapena tenanti wa pa esiteti ya fodya, amene mawa lake lili m'manja mwa munthu mmodzi, ali pa sitepe yotsika kuposa mesenjala wa ku London uja.

Palinso gulu lina limene limaiwalika chifukwa chimene chikulipsinja ndi chikondi. Banja la Glaser lija linayeza amayi 13 osamalira achibale odwala matenda oiwalaiwala a ukalamba, n'kuwayerekeza ndi amayi ena 13 a misinkhu yofanana. Mu 1995 linalengeza kuti kachilonda kofanana kanatenga masiku pafupifupi 49 kuti kapole mwa osamalira odwala, pamene mwa enawo kanatenga masiku 39. Aliyense amene anaonapo magadiyani akuphika ndi kugona panja pa chipatala milungu ingapo, kapena agogo akulera zidzukulu zamasiye, angamvetse tanthauzo la kusiyana kumeneku. Obwera kudzazonda amafunsa za wodwala. Wodwazika safunsidwa.

Munthu wopsinjika safika kuchipatala akunena kuti wapsinjika. Amati, "Adokotala, mutu sukundisiya," kapena "Mtima ukumandithamanga usiku," kapena "Thupi lonse likuphwanya koma malungo sakupezeka." Amalandira panado, sabata yamawa n'kubweranso. Pokhapokha wina akamufunsa modekha za kunyumba m'pamene amati, "Ndikumaganiza kwambiri." Tulo timasowa, chakudya sichikoma, munthu amapsa mtima ndi zazing'ono, amaiwala zimene wangouzidwa, ndipo chilakolako cha m'banja chimazilala, zimene zimabalanso kukayikirana kwina.

Apa m'pofunika kusamala. Si matenda onse amene amachokera ku maganizo. Zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, ndipo zimachira ndi mankhwala. BP imakhudzananso ndi mchere, kunenepa, msinkhu ndi kumtundu, choncho wodwala sayenera kusiya mapiritsi poganiza kuti akangokhazikitsa mtima pansi zonse zitha. Koma maganizo ali ndi gawo lake lenileni. Kafukufuku wa INTERHEART wa mu 2004, amene anachitika m'mayiko 52 kuphatikizapo a mu Africa, anaika kupsinjika kwa kunyumba ndi kuntchito m'gulu la zinthu 9 zikuluzikulu zokhudzana ndi matenda oopsa a mtima, pamodzi ndi fodya, shuga ndi BP.

Ndiye mawu akuti "banja ndi kupirira," amene alangizi amauza mkwatibwi, ayenera kuyezedwa bwino. Kupirira zofooka za mnzako, kupirira chaka cha njala muli limodzi, n'kofunika ndipo palibe banja limene lingaime popanda zimenezo. Kupirira zibakera, kutukwanidwa ndi kuopsezedwa ndi chinthu china. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo ku Malawi anachitiridwapo nkhanza ndi mwamuna wawo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Dziko lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira mu 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Nkhoswe imene imabweza mayi wotupa nkhope kunyumba ndi mawu akuti "za m'nyumba saulula" ikumubweza kumoto, pamodzi ndi ana amene akukula akumva zonsezo kuseri kwa khoma.

Kuthawa anthu si yankho

Wina atamva zonsezi angaganize kuti mtendere uli pa kudzipatula. Umboni ukukana. Sheldon Cohen wa ku yunivesite ya Carnegie Mellon ku Pittsburgh anadonthezera kachilombo ka chimfine m'mphuno mwa anthu athanzi 276, n'kuwasunga payekhapayekha masiku angapo kuti aone amene adwale. Amene anali pa mkangano ndi achibale kapena anzawo kwa mwezi kapena kuposerapo ankadwala kwambiri kuposa ena, pamene mavuto a masiku ochepa sankasintha kanthu. Koma mu 1997 anasonyezanso mbali ina: anthu amene anali ndi maubale a mitundu itatu kapena kucheperapo ankadwala chimfinecho kuwirikiza kanayi poyerekeza ndi amene anali ndi mitundu 6 kapena kuposerapo, monga banja, abale, anansi, anzawo a kuntchito, a kumpingo ndi a m'magulu ena. Munthu amene ali ndi makomo ambiri ogogoda, khomo limodzi likatsekeka sagona panja.

Mu 2010, Holt-Lunstad uja anaphatikiza kafukufuku 148 wokhudza anthu oposa 300,000, n'kupeza kuti amene ali ndi maubale olimba anali ndi mwayi wokhala ndi moyo wochuluka ndi 50 peresenti pa zaka zimene ankatsatiridwa. James Coan ndi anzake mu 2006 anajambula ubongo wa amayi 16 okwatiwa amene ankayembekezera kugwidwa ndi kamphamvu ka magetsi pamwendo. Atagwira dzanja la mwamuna wawo, mbali za ubongo zochita mantha zinkatsika, ndipo zinkatsika kwambiri mwa amayi a mabanja omvana.

Chofunika si kuchuluka kwa anthu pabwalo. Lipoti la bungwe la World Health Organization la mu 2025 linati munthu mmodzi mwa 6 alionse padziko amasungulumwa, ndipo m'mayiko osauka chiwerengerocho ndi pafupifupi 24 peresenti, kuposa kawiri cha m'mayiko olemera. Zimenezi zikutsutsa maganizo akuti kusungulumwa ndi vuto la azungu okhala okha m'nyumba zosanja. Munthu amatha kudya m'mbale imodzi ndi anthu 10 koma wopanda ndi mmodzi yemwe womuuza zakukhosi. George Brown ndi Tirril Harris anaziona zimenezi pakati pa amayi a ku Camberwell mumzinda wa London m'zaka za m'ma 1970: mwa amayi amene anagweredwa vuto lalikulu, amene anali ndi munthu wapamtima womuululira zonse sankagwa kawirikawiri m'matenda a maganizo.

Mfundo imeneyi inasanduka chithandizo chenicheni ku Zimbabwe. Dixon Chibanda, mmodzi mwa madokotala ochepa a matenda a maganizo m'dzikolo, anataya wodwala wake wina mu 2005. Mtsikanayo anadzipha ali kumudzi, banja lake litasowa ndalama ya basi yopitira naye ku Harare. Chaka chomwecho boma linagwetsa nyumba zambiri m'matauni, ndipo bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Ndalama zolembera akatswiri kunalibe. Amene analipo anali agogo aakazi ogwira ntchito zaumoyo m'madera. Mu 2006 Chibanda anayamba ndi agogo 14 ku Mbare mumzinda wa Harare, n'kuika mabenchi a matabwa panja pa zipatala zazing'ono. Ntchitoyi inatchedwa Friendship Bench.

Chimene agogowa amachita n'chosiyana ndi uphungu wa masiku onse. Salalikira, sadzudzula ndipo sauza munthu zochita. Amayamba ndi kumvetsera mpaka munthuyo atakhuthula zonse. Kenaka amamuthandiza kutchula mavuto akewo limodzilimodzi, iye mwini n'kusankha limodzi loyamba nalo, n'kuganizira njira zimene angathe, n'kugwirizana chimene achite asanakumanenso. Amakumana mpaka ka 6. Mayi amene anafika akuti "zonse zandithera" amachoka ndi chinthu chimodzi chogwirika, monga kukalankhula ndi aphunzitsi aakulu za fizi kapena kupeza wachibale woti apite naye kwa mwamuna wake. Apa munthu wamvedwa popanda kuweruzidwa, ndipo mphamvu yosankha yabwerera m'manja mwake. Akamaliza, amalowa m'gulu la anzake amene anadutsa pa benchi, kumene amacheza akuluka zikwama zogulitsa.

Njirayi inayesedwa pa anthu 573 m'zipatala 24 za ku Harare, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2016 m'magazini ya zachipatala ya JAMA. Patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi, 14 peresenti okha ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa kwambiri, poyerekeza ndi 50 peresenti mwa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Njirayi yafika m'mayiko ena, ndipo ku Malawi yayesedwa m'zipatala zina pakati pa anthu amene ali ndi HIV ndi amayi oyembekezera.

Ankhoswe, alangizi, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi mafumu ali kale pamalo amene agogo a ku Mbare anaikidwa, ndipo anthu amawakhulupirira. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi kachitidwe. Bwalo lofuna kupeza wolakwa limawonjezera manyazi pa munthu amene wabwera kale ndi manyazi. Nkhoswe imene imayamba yamva mwamuna payekha ndi mkazi payekha, yosatulutsa nkhani kunja, yofunsa kuti "Inuyo mukuona kuti tiyambire pati?" imagwira ntchito yaikulu kuposa imene imafika ndi chigamulo m'thumba. Chimodzimodzinso pachibale: wogwira ntchito amene wakhala pansi ndi abale n'kunena poyera kuchuluka kwa ndalama imene angathe kutumiza pamwezi amakumana ndi madandaulo tsiku limodzi, m'malo mwa mantha a tsiku lililonse foni ikalira.

Pali pamene kucheza kokha sikukwanira. Munthu amene watha milungu iwiri kapena kuposerapo ali wokhumudwa tsiku lonse, wosasangalala ndi chilichonse, wosagona, wosadya ndiponso wolephera ntchito zake, ayenera kuonedwa ndi achipatala. Si ku Zomba Mental Hospital kokha kumene kuli thandizo. Zipatala za m'maboma zili ndi anamwino ndi madokotala ophunzira za matenda a maganizo, ndipo a St John of God amathandiza anthu ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Wachibale akanena kuti "bola kungofa" kapena akayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika mosadziwika bwino, mawuwo asatengedwe ngati kuopseza. Kumufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, koma kumamutsegulira mpata wolankhula. Asasiyidwe yekha, mankhwala a mbewu ndi a makoswe monga tameki achotsedwe m'nyumba, ndipo wina apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.